Unditembenuzire ku Pusan

Belu la chipinda cha kumapeto linalira itatsala pang'ono kukwana 2 koloko usiku. Ndinali nditangovula nsapato kuti mapazi apume, mnzanga ali ku zipinda zam'mwamba. Amene munagwirapo ntchito yosamalira okalamba kuno ku England mukudziwa mmene mtima umagundira belu likalira nthawi imeneyo. Umathamanga ukupemphera kuti munthu asakhale kuti wagwa.

Sanagwe. Bambo wokalamba wa m'chipindamo ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, atavala jekete yakuda pamwamba pa zovala zogonera, batani lina atalilowetsa pa bowo la linzake. Mamendulo awiri ankalendewera pachifuwa. Tsitsi anali atalipesa ndi madzi.

"Mwanawe, ndikhazike pa njinga yanga. Unditembenuzire ku Pusan."

Ndinkawatchula kuti agogo. Ndinawaphunzitsa ndekha mawuwo nditangoyamba ntchito, iwo n'kuwakonda. Ndiye ndinati, "Agogo, kunjaku ndi usiku, tiyeni tigone." Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati nthawi ikutha, kwatsala mphindi zinayi. Ndinawakhazika pa njinga yawo ya olumala ija kuti nkhani ithe, n'kuikankhira pomwe panali malo, kuyang'ana chitseko cha bafa. Anafunsa ngati kumeneko kunali kumpoto chakum'mawa. Ndinati eya.

Ndinawanamiza. Sindinkadziwa ngakhale kumene dzuwa limatulukira pa nyumba imeneyo.

Anawongola msana, manja pa maondo, n'kukhala chete mphindi imodzi. Milomo yokha ndi imene inkagwedezeka. Atatha anandithokoza, ndinawavula jekete, anagona. Ine ndinapita pa kompyuta kukalemba lipoti: anadzuka atasokonezeka mutu, ndawatonthoza, agona bwino. Linali tsiku la 11 Novembala 2022.

## Wosokonezeka anali ndani

Patapita masiku awiri mwana wawo wamkazi anabwera kudzawaona. Ndi mayi wachikulire nayenso, wopuma kale pa ntchito. Atawerenga lipoti lija anaseka pang'ono, kuseka kosafuna kukuchititsa manyazi, kenako anandikhazika pansi.

Mu mzinda wa Busan, umene kale ankaulemba kuti Pusan, ku South Korea, muli manda a asilikali a United Nations amene anafa pa nkhondo ya ku Korea. A ku Britain ogona m'mandamo ndi oposa 800. Kuyambira mu 2007, pa 11 Novembala nthawi ya 11 koloko m'mawa ya ku Korea, amene anamenya nawo nkhondoyo amatembenukira ku mandawo kulikonse kumene ali, n'kukhala chete mphindi imodzi. Anayambitsa mwambowu ndi msilikali wakale wa ku Canada, Vince Courtenay. Ku Korea ikamakwana 11 koloko m'mawa, kuno imakhala 2 koloko usiku. Ena amangodikira kuche. Agogo ayi. Ankati msilikali wa pamadzi sasintha nthawi ya ulonda chifukwa cha tulo.

Munthu anadzuka yekha, wotchi ili m'mutu, n'kuvala mamendulo mu mdima, ine n'kumulozetsa ku chimbudzi. Nkhani imeneyi yakana kundichoka.

## Maliro opanda chiliza

Nditapepesa, sanakwiye. Anati akufa aja ndi asilikali, anazolowera kupatsidwa malangizo olakwika. Kuchokera tsiku limenelo anayamba kundifotokozera, pang'onopang'ono, nthawi zambiri ndikuwameta ndevu.

Analowa usilikali wa pamadzi ali ndi zaka 15, pa sukulu ya anyamata yotchedwa HMS Ganges ku Shotley, kumene mwana aliyense ankayenera kukwera mlongoti wotalika mamita oposa 40. Asanakwanitse zaka 18 anali pa sitima yankhondo ya HMS Belfast, m'nyanja ya kumadzulo kwa Korea. Kuzizira kwake ankakusimba kuposa nkhondo yeniyeniyo. Madzi akakhavukira pa sitima ankauma pompo kukhala ayezi, anyamata n'kumaswa ndi nyundo. Akatopa ndi ulonda, sitima inkakapuma ku Sasebo, ku Japan.

Nkhondoyo inayamba pa 25 Juni 1950 asilikali a kumpoto atawoloka malire kulowa kumwera, ndipo mfuti zinakhala chete pa 27 Julayi 1953 atasainirana ku Panmunjom. Anangogwirizana zosiya kuomberana. Pangano la mtendere palibe mpaka lero. Zaka zitatu zokhazo zinadya anthu pafupifupi 3 miliyoni, ambiri a iwo anthu wamba. A ku Britain anafa oposa 1,000.

Koma chimene chinkawapweteka agogo si manambalawo. Sitima yawo inafika ku Chatham mu Novembala 1952. Panalibe gulu loimba, panalibe woombera m'manja. Atafika kwawo ndi chikwama paphewa, bambo wina woyandikana nawo nyumba anawafunsa kuti, "Wasowatu iwe, unali kuti?" Atayankha kuti ku Korea, bamboyo anangoti, "Oo," n'kupitiriza kudandaula za shuga, pakuti nthawi imeneyo shuga ndi nyama zinkagulidwabe ndi makadi a boma. Anthu anali atatopa ndi nkhondo. Bambo awo ndi amalume awo anali atamenya ya Hitler, ndiye mnyamata wobwera ndi nkhani za ku Korea ankaoneka ngati mwana amene akusimba za kumunda pamaso pa anthu amene analima chaka cha njala. Chaka chotsatira dziko lonse linali kalikiliki ndi mwambo woveka ufumu Elizabeth. Agogo anatseka pakamwa zaka makumi atatu.

Chipilala cha nkhondoyi mu London anachitsegulira pa 3 Disembala 2014, ku Victoria Embankment Gardens, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames. Werengani nokha: zaka 61 chisiyireni kuomberana. Ndipo chinali mphatso yochokera ku South Korea. Nditamva zimenezi ndinawauza agogo za chiliza. Ndinati kwathu munthu akagona zaka zambiri manda ake osawaka, anthu amayamba kuloza banja lake ndi milomo. Tsono chiliza chikamangidwa ndi alendo eni maliro alipo, manyazi ake ndi osaneneka. Anandiuza kuti ndibwereze liwulo. Chi-li-za. Analilemba pa envulopu ndi dzanja lonjenjemera. Za chipilala cha ku London anangoti n'chokongola, kungoti chiboliboli chake ndi cha msilikali wa pamtunda. Za amalinyero, anatero, nyanja inameza ndi nkhani yomwe.

## Makwerero amene sakanatha kutsika

Mu Julayi 2023 zinakwana zaka 70 chisiyireni kuomberana. Mwana wawo anakonza zoti akaone sitima yawo komaliza, ndipo anandipempha kuti ndiwaperekeze tsiku langa lopuma. HMS Belfast ilipobe. Inaima pa Thames pafupi ndi Tower Bridge kuyambira mu 1971, anthu amalipira kuti akaione. Ndinali nditaiona kangapo ndili pa mlatho, ndikujambula zithunzi zotumiza kumudzi, osadziwa kuti ndimasambitsa munthu amene anagonamo.

Titakwera, agogo anachita sawatcha kuyang'ana kumbuyo kwa sitima kumene kuli mbendera, monga amalinyero amachitira akamalowa. Nkhope inasintha. Anayamba kutilozera zinthu ngati mwini mudzi. Mizinga ikuluikulu ilipo 12, itatuitatu pa malo anayi. Chipolopolo chimodzi cha mizinga imeneyo chimalemera pafupifupi makilogalamu 50, ndiye kuti thumba lathunthu la chimanga. Ku Korea sitimayo inaponya zipolopolo zotere zoposa 8,000. Ndinayesa kuganiza matumba 8,000 a chimanga akugwa kuchokera kumwamba, lililonse likuphulika, mutu unakana.

Alendo ambiri m'sitimamo amathamangira nkhani za D-Day mu 1944, tsiku limene asilikali a Britain ndi anzawo anakocheza ku France kukamenyana ndi Ajeremani, ndi za kumizidwa kwa sitima ya Ajeremani ya Scharnhorst mu 1943. Agogo analibe nazo ntchito. Ankafuna kutsika pansi, kutsogolo kwa sitima. Koma njinga ya olumala imafika malo ochepa okha. Kwina konse ndi makwerero achitsulo oimirira ngati a pa nkhokwe, timipata take n'tating'ono. Anayang'ana dzenje la makwererowo nthawi yaitali. Kenako anandigwira dzanja.

"Mwanawe, miyendo yako ndi yanga lero. Tsika. Pita kutsogolo mpaka ukapeze pamene tinkagona. Ukamutchule dzina. Lau So. Ukatchule mokweza, usachite manyazi."

Ndinatsika chafutambuyo, siketi nditaigwira ndi dzanja limodzi. M'kati mumanunkha penti ndi oyilo wakale, denga lili pafupi ndi mutu, mapaipi ali paliponse. Ndinasochera kawiri. Kenako ndinafika pamene amalinyero ankagona, ndipo ndinaima chilili. Ankagona m'machila. Nsalu yokhuthala yomangidwa nsonga ziwiri, yolendewera pa zitsulo, machila enieni ngati amene makolo athu ankanyamuliramo atsamunda, kungoti awa ndi othinana moti wina akatembenuka mnzake amadzuka.

Mu 1952 mzinga wa kumtunda unaombera sitimayo n'kulasa chipinda china cha kutsogolo. Pa nkhondo yonse ya ku Korea, ndi ulendo wokhawo umene adani anailasa. Anavulala anthu anayi, anafa mmodzi, Lau So. Onse anali Matchaina. Sitima za Britain za kumeneko zinkalemba anthu a ku Hong Kong kuti aziphika, kuchapa, kusoka ndi kuperekera chakudya kwa akuluakulu a sitima. Lau So anali mmodzi wa otsogolera operekera chakudya. Chipolopolo chinamupeza ali m'machila ake.

Dzina lake ndinalipeza, lilimo m'sitimamo pamene akufotokoza za Korea. Pafupi nane panali banja lina la alendo, ana akuseweretsa foni. Ndinakhosomola kaye. Kenako ndinatchula, mokweza ndithu, "Lau So." Mwana mmodzi anandicheukira. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, koma ndinapitiriza m'Chichewa ngati ndili pa manda kumudzi: pepani bambo, anzanu ali pamwambapa, miyendo yawakana, andituma ine.

Ndipo m'pamene chinandifikira. Pa anthu mazanamazana a m'sitima imeneyo, amene anafa anali wogwira ntchito yanga. Mlendo wochokera dziko lolamulidwa ndi Britain, wonyamula mbale, woyala tebulo, wodziwa amene amamwa tiyi wa shuga ndi amene samwa. Ndinakhala pa benchi yachitsulo mpaka maso atauma.

Nditakwera, agogo anafunsa ngati ndatchula. Ndinati eya, ndipo ulendo uno sindinaname. Ndinawafunsa ngati anali mnzawo wapamtima. Anapukusa mutu.

"Sindinkamudziwa. Dzina lake ndinalimva atafa kale. Tonse tinkawaitana ndi dzina limodzi lachipongwe, ngati kuti ndi munthu mmodzi. Ine anandituma kukakolopa chipindacho mawa lake. Ndinapeza patapata wake mmodzi. Ndi chokhacho chimene ndimadziwa cha iye."

Anakhala chete, boti la alendo likudutsa pa mtsinje, kenako anawonjeza zimene sindinayembekezere kwa munthu wovala mamendulo. Anati msilikali wa pamtunda amaona nkhope ya amene wamuombera, koma iwo ankaombera phiri. Wina ankatchula manambala pa wailesi, iwo n'kuponya, utsi n'kukwera kutali. Kuseri kwa phirilo kunali midzi ya asodzi. Anati pa mphindi yawo ija ya usiku amatchula Lau So, amatchula mnzawo wina wa ku Ganges amene anafera pa sitima ina, kenako masekondi otsalawo amawasiyira a kuseri kwa phiri, amene alibe wowatchula kuno.

Mwana wawo anandiuza tili m'galimoto kuti mawu amenewo anali asanawamvepo.

## Agogo anga anapita ku Malaya

Ndinakulira kufupi ndi Zomba. Chipilala cha njerwa zofiira cha asilikali a King's African Rifles (KAR), chija chili ndi wotchi pafupi ndi Cobbe Barracks, ndachidutsa pa minibasi kosawerengeka. Sindinatsikepo kuti ndiwerenge dzina ndi limodzi lomwe. Kwa ine chinali chizindikiro choti tafika, konza ndalama ya kondakitala.

Agogo anga aamuna, obereka mayi, anali a KAR. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 asilikali a ku Nyasaland anatumizidwa ku nkhalango za ku Malaya kukasaka zigawenga zachikomyunizimu. Ndiye kuti nthawi imene agogo a ku England ankaswa ayezi pa sitima, agogo anga ankathothola misundu m'miyendo ku mbali yomweyo ya dziko, pansi pa mbendera imodzi. Ya ku Korea bola ankaitchula kuti nkhondo. Ya ku Malaya, imene inayamba mu 1948 n'kutha mu 1960, boma la Britain silinkaitchula n'komwe kuti nkhondo. Linkangoti Emergency.

Ife adzukulu tinkaiseka nkhaniyo. Agogo akayamba kuti "tili ku Malaya," wina ankanong'ona kuti nanga ku Kabudula munapita liti, tonse n'kugwa ndi phwete. Iwo ankangotiyang'ana, n'kubweza fodya wawo m'thumba. Ndikukumbuka kuti Novembala aliyense ankasita jekete ndi simbi yamakala, n'kupachika duwa lofiira lapepala, n'kukwera njinga kupita ku Zomba. Ndikukumbukanso kuti panali mnzawo wina amene anapita naye limodzi koma sanabwere, ndipo akamutchula mawu ankatsika. Dzina lake sindinalisunge. Ndinali kalikiliki ndi kuseka.

Ena anganene kuti nkhondo zimenezo sizinali zathu, zinali za atsamunda, ndiye tizikumbukiranji. Funsolo si lachilendo. John Chilembwe analifunsa kale mu 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka a kuno akukafera nkhondo yosawakhudza. Ndimagwirizana naye. Zikwizikwi za amtengatenga zinafa ndi njala ndi matenda zitasenza katundu wa nkhondo imeneyo, ndipo ambiri mayina awo sanalembedwe paliponse. Koma ndinaona kuti agogo a ku England sankateteza nkhondo yawo. Tsiku lina ndinawafunsa ngati inali yoyenera. Anati akaona South Korea ya lero pa TV amati mwina, akakumbukira utsi wa kuseri kwa phiri amati kaya. Za ndale anazisiyira a ndale. Chawo chinali choti munthu amene unadya naye, kapena amene anakuphikira, usamutaye kawiri.

## Kumpoto chakum'mawa

Pa 10 Novembala 2023 ndinapempha dala shifiti ya usiku. Masana ake ndinali nditafufuza pa foni. Ukachoka kuno kulunjika ku Busan mosakhota, suloza kum'mawa kwenikweni monga mapu apakhoma amanamizira, umaloza kumpoto chakum'mawa. M'chipinda chawo kumeneko kunali pa kona, pakati pa windo ndi kabati ya zovala. Chitseko cha bafa chija chinali pafupifupi kumbuyo kwenikweni.

Ndinalowa belu lisanalire. Jekete ndinali nditaisita, mabatani ndinawamanga ndekha. Ndinawaonetsa kampasi ya pa foni kuti atsimikize okha, iwo anaiyang'anitsitsa n'kunena kuti ndisunthe njinga pang'ono kumanzere. Ndinasuntha. Itakwana 2 koloko ndinaima pambali pawo, manja kumbuyo. Ulendo uno anatchula mokweza. Atatha mayina awo awiri anandigunda ndi chigongono.

"Nawenso tchula wako."

Ndinatchula dzina la agogo anga. Anafunsa ngati anafera kunkhondo. Ndinati ayi, anafera pa mphasa yawo mu 1998, koma anali ndi mnzawo amene anatsala ku Malaya. Anafunsa dzina lake. Ndinati sindikulidziwa.

"Kalifunefune," anatero. "Ine zinanditengera imfa kuti ndidziwe la Lau So. Iwe uli ndi foni."

Anamwalira mu Febuluwale 2024, usiku umene sindinali pa ntchito. Chipinda chawo analowamo mayi wina amene amakonda wailesi.

Ndinayamba ndi mayi anga. Anati akukumbukira kuti kunali munthu wotero, wa kutsidya kwa mtsinje, koma dzina linawathawa. Amalume anati ndikafunse ku Cobbe Barracks, ngati kuti ndili pa Chinamwali pomwepa. Ndinatsala pang'ono kuzisiya. Kenako mu Okutobala, ndili pa basi kupita ku ntchito, inalowa voisi ya pa WhatsApp kuchokera kwa msuweni wanga. Anali atapita kwa azakhali a mayi anga, mlongo wawo wa agogo, amene tsopano saona. Kumbuyo kukumveka nkhuku ndi mwana akulira. Gogoyo anayamba ndi kundikalipira kuti sindiimba foni. Kenako anati munthuyo amamudziwa bwino, anali woti akwatire mnzawo wa ku chinamwali, ndipo uthenga wa imfa yake unabwera ndi mesenjala wa kwa DC atavala chipewa chofiira. Anatchula dzina lake, ndi la bambo ake, ndi mfunda wake, n'kubwereza kawiri kuti ndisaphonye.

Ndinalibe pepala. Ndinalilemba ndi bolopeni kuseri kwa baji yanga ya ntchito, basi ikugwedezeka, moti chilembo chomaliza chinapindika.